Mário Coluna, mzati wa pakati pa bwalo

Mukamawerenga Chipwitikizi mumakumana ndi mawu akuti coluna. Mawuwa ali ndi matanthauzo angapo. Coluna ndi mzati umene umanyamula denga. Coluna ndi fupa la msana. Inu akuluakulu amene munayendapo pa msewu wa Zóbuè m'zaka za nkhondo mukukumbukanso coluna ina, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Lero tikamba za munthu amene Coluna linali dzina lake la kumtundu, osati lochita kupatsidwa ndi anzake pa bwalo. Anali wosewera mpira wamiyendo, kenako mphunzitsi wa mpira, ndipo dzinalo linamukhala ngati malaya osoketsa kwa telala.

Funsani mnyamata aliyense ku Furancungo kapena ku Ntengo-wa-Mbalame kuti katswiri wa mpira wobadwira m'dziko lino ndani. Akuuzani za Reinildo ndi Geny Catamo, amene amawaonera pa kanema. Akakhala woti amacheza ndi agogo ake, atchula Eusébio. Dzina la Mário Coluna silibwera msanga. Si zodabwitsa. Pa mpira anthu amakumbukira amene wamwetsa chigoli. Amene anamupatsira mpirawo timamuiwala tisanafike n'kunyumba komwe.

Mário Esteves Coluna anabadwa pa 6 Agosto 1935 kumwera kwa Moçambique. Bambo ake anali Mpwitikizi, mayi ake anali munthu wakuda wa dziko lino. Anakulira mumzinda wa Lourenço Marques, umene lero timautcha Maputo. Nthawi imeneyo mzindawu unali pawiri. Kunali mbali ya nyumba za simenti, kokhala azungu, ndi mbali ya nyumba za bango ndi malata, kokhala anthu akuda. Lamulo la atsamunda linkagawa anthu. Munthu wakuda wamba ankatchedwa indígena, ankayenda ndi kabuku kotchedwa caderneta, ndipo ankatha kugwidwa kukagwira chibalo. Makolo athu kuno ku Macanga ndi ku Tsangano ankachidziwa bwino chibalo chimenechi. Ambiri anaoloka malire kupita ku Nyasaland ndi ku Rhodesia pochithawa.

Mpira nawo unali wogawidwa. Mumzindamo munali mabungwe awiri oyendetsa mpira, lina la matimu a kumbali ya simenti, lina la matimu a anthu akuda. Coluna anayambira ku timu ya João Albasini, ya kumbali ya anthu akuda, kenako n'kupita ku Desportivo, ya kumbali inayo. Tinene zoona pano: dzina la bambo ake linamutsegulira khomo limene anyamata ambiri aluso a m'makomboni analipeza lotseka. Koma khomo likatseguka pamafunikabe miyendo yolowera. Mnyamatayu anali nayo. Kupatula mpira ankasewera basketball, ankathamanga ndi kudumpha pa mipikisano, ndipo thupi lake linali lamphamvu ngati la munthu wokulira pa khasu.

Matimu akuluakulu a ku Portugal anali ndi nthambi zawo ku Lourenço Marques. Desportivo inali nthambi ya Benfica ya ku Lisboa. Choncho mu 1954, ali ndi zaka 19, Coluna anatengedwa kupita ku Benfica. Chaka chomwecho kunapitanso goloboyi Costa Pereira, wobadwira ku Nacala. Njirayi inali itatsegulidwa kale ndi Matateu, amene anapita ku timu ya Belenenses mu 1951 n'kukhala mmodzi wa omwetsa zigoli oopsa ku Portugal konse.

Kwawo Coluna ankasewera kutsogolo, ndipo ku Lisboa anapita ngati womwetsa zigoli. M'chaka chake choyamba anamwetsa zigoli 14 mu ligi, Benfica n'kutenga ligi ndi chikho chomwe. Koma malo a kutsogolo anali ndi mwini wake, José Águas, wochokera ku Angola. Mphunzitsi wa timuyo, Otto Glória wa ku Brazil, anaona kuti mnyamata watsopanoyu ali ndi china choposa kugoletsa. Anamubweza m'mbuyo pang'ono n'kumuika pakati pa bwalo. Wachinyamata wina akanakwiya, chifukwa kutsogolo n'kumene kuli kuomberedwa m'manja. Coluna anakhala pamene anamuikapo, ndipo anakhalapo mpaka kumapeto kwa ntchito yake.

Mwina ena mwa inu simutsata mpira, ndiye tifotokoze ntchito ya wosewera wapakati. Iye amalandira mpira kuchokera kwa otchinga kumbuyo. Amadzutsa mutu, amaona amene ali poyera, n'kumupatsira pa nthawi yake. Timu ikataya mpira, iye ndiye woyamba kubwerera kukaulanda. Anzake akayamba phuma, amauponda mpira kuti onse apume. Akayamba ulesi, amawadzutsa. Pa msika anthu amaona wogulitsa mbatatesi, saona amene anayendetsa ngolo usiku kuchokera kumunda. Coluna anali wa ngoloyo. Kusiyana kwake n'kwakuti iye analinso ndi mwendo woopsa. Akaona kuti njira zonse zatsekeka, ankaumenya yekha ali patali.

Ku Ulaya kuli chikho chimene m'zaka zimenezo chinali cha matimu opambana ligi m'maiko awo. Chinayamba mu 1955, ndipo zaka zisanu zoyambirira chinatengedwa ndi timu imodzi yokha, Real Madrid ya ku Spain. Pa 31 Maio 1961, mumzinda wa Bern ku Switzerland, Benfica inakumana ndi Barcelona pa masewero omaliza. Anthu ambiri ankati Barcelona ipambana. Inayambadi kugoletsa, koma Benfica inabweza n'kutsogola 2-1. Chigawo chachiwiri chili mkati, mpira unatuluka m'bokosi n'kupeza Coluna ali panja. Anaumenya usanagwe pansi, n'kulowa. Barcelona inamwetsa chigoli china ndipo inawomba mitengo ya golo kangapo, koma masewero anatha 3-2. Chigoli cha Coluna ndicho chinasiyanitsa matimuwo. Mwa osewera 11 a Benfica tsiku limenelo, anayi anali obadwira mu Africa: Coluna ndi Costa Pereira a kuno, Águas ndi Santana a ku Angola.

Tsopano tibwerere m'mbuyo miyezi isanu, chifukwa apa m'pamene pali nkhani imene ndikufuna muimvetsetse.

Mu Dezembro 1960 kunafika ku Lisboa mnyamata wa zaka 18 wochokera ku Mafalala, komboni ya ku Lourenço Marques. Dzina lake linali Eusébio da Silva Ferreira. Bambo ake anamwalira iye ali mwana, ndipo analeredwa ndi mayi ake, a Elisa. Kubwera kwake kunali ndi mkangano. Iye ankasewera mu nthambi ya Sporting, koma mayi ake anagwirizana ndi Benfica. Pofuna kuti a Sporting asadziwe, a Benfica anamuyendetsa ndi dzina lachikazi lakuti Ruth Malosso, ndipo atafika anakamubisa kwa masiku angapo ku Lagos, kumwera kwa Portugal. Taganizani mwana wa zaka 18, wochoka kotentha n'kufika m'nyengo yozizira, akuluakulu a matimu awiri akumukokerana ngati mbuzi ya pa msika.

Mnyamatayu anabwera ndi kalata yochokera kwa mayi ake. Kalatayo sinali yopita kwa mkulu wa Benfica kapena kwa mphunzitsi. Inali yopita kwa Coluna, popeza mabanja awo ankadziwana kumudzi. Mayiwo ankapempha chinthu chimodzi, kuti Coluna awayang'anire mwana wawo, chifukwa ku Lisboa analibe wachibale.

Inu amene munaperekezapo mwana pokwerera galimoto, akupita kukafuna ntchito ku Moatize, ku Beira kapena ku Johannesburg, mukudziwa chimene chinali mumtima mwa mayi ameneyu. Mumamupatsa ufa pang'ono ndi ndalama ya ulendo. Koma chimene mumadalira kwenikweni ndi dzina la munthu wa kwanu amene ali kale kumeneko. Mumadziwanso kuti si onse amene amalandira mwana wa mnzawo. Ena amazimitsa foni. Ena amamulandira sabata imodzi, kenako n'kuyamba kumuwerengera nsima. Ena amamulandira bwino chifukwa aona kuti pali chodyapo.

Coluna anali ndi zaka 25 zokha, koma anaitenga kalatayo ngati lamulo. Anapita naye Eusébio ku banki kukamutsegulira buku. Ankayang'anira ndalama zake kuti zisathere m'zosangalatsa za mumzinda. Anamuphunzitsa kavalidwe ndi kakhalidwe ka kumaloko. Ndipo onani chinthu china: mnyamatayu ankabwera kudzakhala nyenyezi ya timu imene Coluna anali ataivutikira zaka zisanu ndi chimodzi. Aliyense woona mpira anadziwa msanga kuti dzina la Eusébio lidzaphimba maina a onse. Mwa anthufe, apa m'pamene nsanje imalowera. Coluna anapitiriza kumupatsira mipira. Eusébio naye sanaiwale. Ankamutchula kuti Senhor Coluna, monga ife tinganenere kuti bambo Coluna, ngakhale ankasiyana zaka zosakwana zisanu ndi ziwiri ndipo ankavala yunifolomu imodzi.

Ulemu umenewu unaonekera poyera pa 2 Maio 1962 ku Amsterdam. Benfica inafikanso pa masewero omaliza, ulendo uno ndi Real Madrid yeniyeniyo, ya Di Stéfano ndi Puskás. Pofika pa kupumula, Puskás yekha anali atamwetsa zigoli zitatu ndipo Real inkatsogola 3-2. Atangobwerera m'bwalo, Coluna anaumenyanso ali patali, n'kukhala 3-3. Kenako Eusébio anagwetsedwa m'bokosi, woyimbira n'kuloza penate. Mnyamata wa zaka 20 uja sanangotola mpira. Anapita kaye kwa Coluna kukapempha chilolezo choti amenye ndiye. Coluna anamulola. Eusébio anagoletsa, patapita mphindi zochepa n'kugoletsanso, ndipo Benfica inapambana 5-3. Masewero atatha, Eusébio ankafuna malaya a Di Stéfano, amene ankamusirira kuyambira ali mwana, koma anachita manyazi kuwapempha. Anatuma Coluna yemweyo.

Chaka chotsatira Coluna anakhala kaputeni wa Benfica, ndipo anakhala pa udindowu mpaka 1970. Chiyambi chake chinali chowawa. Pa 22 Maio 1963, pa bwalo la Wembley ku London, Benfica inkafuna chikho chija kachitatu motsatizana. Inkasewera ndi Milan ya ku Italy. Eusébio anagoletsa koyamba. M'chigawo chachiwiri Milan inabweza, ndipo nthawi yomweyo wosewera wina wa Milan anamutchera mwendo Coluna n'kumuvulaza phazi koopsa. Masiku amenewo lamulo silinkalola kulowetsa wina m'malo mwa wovulala. Makadi achikasu ndi ofiira kunalibenso, anayamba pa Chikho cha Dziko Lonse cha 1970. Wovulaza anapitiriza kusewera, wovulazidwa n'kumatsimphina. Benfica inatsala ngati ya anthu khumi, Milan n'kumwetsa chachiwiri, 2-1. Amene ankakayika za ntchito ya munthu wapakati anaiona tsiku limenelo. Eusébio analipo m'bwalo, wathanzi, koma womupatsira panalibe.

Benfica inafikanso pa masewero omaliza mu 1965 ndi mu 1968, n'kugonja kwa Inter ya ku Italy ndi kwa Manchester United ya ku England. Kuyambira 1962 mpaka lero sinatengenso chikho chimenechi.

Mu 1966 Portugal inapita koyamba ku Chikho cha Dziko Lonse, ku England. Mphunzitsi anali Otto Glória yemwe uja. Coluna anali kaputeni pa masewero onse kupatula amodzi. Mu timuyo munali ana anayi a Moçambique: Coluna, Eusébio, Hilário ndi Vicente, mng'ono wake wa Matateu. Anagonjetsa Hungary, Bulgaria ndi Brazil ya Pelé. Kenako ku Liverpool anakumana ndi North Korea, timu imene anthu ankaiderera. Pasanathe theka la ola Portugal inali itamwa zigoli zitatu osabwezako. Timu ikafika pamenepa nthawi zambiri imabalalika, aliyense n'kumaloza mnzake chala. Iyi sinabalalike. Eusébio anamwetsa zinayi, José Augusto chimodzi, masewero n'kutha 5-3. Anagonja kwa eni bwalo, England, 2-1, kenako n'kugonjetsa Soviet Union n'kukhala achitatu pa dziko lonse. Mpaka lero Portugal sinafikenso pamwamba chotero pa chikho chimenechi, ngakhale m'zaka za Cristiano Ronaldo.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene sitingailumphe. Chaka cha 1966 chimenecho maiko a mu Africa anakana kulowa nawo mpikisanowu, chifukwa FIFA sinapatse Africa malo ake akeake ngakhale amodzi. Ku England kunalibe timu ya mu Africa. Koma kaputeni wa timu yachitatu anali mwana wa mu Africa, ndipo womwetsa zigoli zambiri pa mpikisano wonse, zigoli 9, analinso mwana wa mu Africa. Ulemu wonse unapita ku mbendera ya Portugal.

Ndipo nthawi yomweyo kuno kunali nkhondo. Frelimo inayamba kumenyera ufulu pa 25 Setembro 1964 ku Chai, m'chigawo cha Cabo Delgado. Mu 1968 nkhondoyo inakula m'chigawo chathu cha Tete. Anthu anasonkhanitsidwa m'midzi ya mpanda yotchedwa aldeamento, ena anathawira ku Malawi ndi ku Zambia. Boma la Salazar linkauza dziko lonse kuti lilibe maiko olamulidwa, koma zigawo za Portugal za kutsidya kwa nyanja, kumene mzungu ndi wakuda ndi amodzi. Pofuna umboni linkaloza timu ya mpira. Nkhope za Coluna ndi Eusébio zinagwira ntchito imene eni ake sanaipemphe.

Ndiye mwina mufunsa kuti, kodi munthu ameneyu timuwerengere mbali iti? Ine ndikuona chonchi. Mnyamata wa luso la mpira mu 1954 analibe timu ya dziko lake yoti aisewerere, chifukwa pa mapepala dziko lakelo kunalibe. Bungwe la mpira la Moçambique linakhazikitsidwa mu 1976, ndipo linalowa mu FIFA mu 1980, Coluna atasiya kale kusewera. Njira inali imodzi, ya ku Lisboa, monga mmene njira ya agogo athu ofuna ndalama ya msonkho inali ya ku migodi ndi ku mafamu a eni. Sitinganene kuti iye anali msilikali wa ufulu, chifukwa sanali. Anali wosewera mpira. Koma pamene munthu amaoneka bwino ndi pa tsiku limene njira zakhala ziwiri, ndipo tsiku limenelo linamufikira mu 1975.

Tisanafike pamenepo, timalize za kusewera kwake. Anakhala ku Benfica zaka 16. Anasewera masewero oposa 500, anatenga ligi ya Portugal ka 10 ndi chikho cha Ulaya kawiri. Timu ya Portugal anaisewerera ka 57, n'kumwetsa zigoli 8. Apwitikizi anamupatsa dzina lakuti Monstro Sagrado. Mukalimasulira liwu ndi liwu likumveka ngati chilombo chopatulika, koma kwa iwo ndi dzina la ulemu waukulu, lopatsa munthu amene pa luso lake palibe womutsutsa. Mu 1970 anapita ku Lyon ku France kukasewera chaka chimodzi. Pa 8 Dezembro chaka chomwecho Benfica inakonza masewero omutsanzika pa bwalo la Luz, ndipo kunabwera akatswiri a maiko ena monga Johan Cruyff ndi Bobby Moore. Pambuyo pake anayamba kuphunzitsa mpira ku Portugal komweko, ku timu yaing'ono ya Estrela de Portalegre, kumene ankasewera ndi kuphunzitsa nthawi imodzi.

Moçambique inalandira ufulu pa 25 Junho 1975. M'miyezi imeneyo ndege ndi sitima za pamadzi zinkachoka zodzaza ndi anthu opita ku Portugal. Ankachoka aphunzitsi, madokotala, amakaniko, eni masitolo. Coluna anali ndi zonse zomusunga ku Lisboa: dzina, anzake, ndi timu imene inkamulemekeza. Iye analowera kumene ena ankachokera. Anabwerera kwawo. Eusébio anakhazikika ku Portugal, ndipo sitimuweruza, poti aliyense anali ndi zifukwa zake. Tikungonena kuti wamkulu uja anabwerera.

Atabwerera sanakakamire ku likulu. Anapita ku Chimoio, mzinda umene atsamunda ankautcha Vila Pery, m'chigawo cha Manica chimene tachita nacho malire. Kumeneko kunali fakitale yaikulu ya nsalu yotchedwa Textáfrica, ndipo fakitaleyo inali ndi timu yake ya mpira. Munthu amene ananyamulapo chikho cha Ulaya anayamba kuphunzitsa timu ya pa fakitale. Mu 1976 kunachitika mpikisano woyamba wa dziko la Moçambique lodzilamulira, ndipo Textáfrica ya Coluna ndiyo inapambana. Mukatsegula mndandanda wa akatswiri a ligi yathu, imene lero timaitcha Moçambola, dzina loyamba pamwamba si la timu ya ku Maputo. Ndi la ku Chimoio.

Kuti muone kulemera kwa zimenezi, tsikani nawo mndandandawo. Kuyambira 1977 mpaka 2015 ligi inatuluka ku Maputo kawiri kokha: Têxtil do Punguè ya ku Beira mu 1981 ndi Ferroviário ya ku Nampula mu 2004. Zaka zina zonse inkangozungulira pakati pa Costa do Sol, Maxaquene, Desportivo, Ferroviário ya ku Maputo ndi anzawo a komweko. Kumeneko n'kumene kunali ndalama, mabwalo ndi maofesi. Ife a ku Tete tinadikira mpaka 2017, pamene União Desportiva do Songo inabweretsa ligi m'chigawo chathu koyamba, n'kubwerezanso mu 2018 ndi mu 2022. Textáfrica yokha sinatengenso ligi chichokereni 1976, ndipo fakitale ya nsalu ija inatsekedwa kalekale.

Mpira umene Coluna anaupeza kwawo unali wosiyana ndi umene anausiya ku Ulaya. Boma latsopano linasintha maina a matimu a chitsamunda. Sporting ya ku Lourenço Marques, timu yakale ya Eusébio, inakhala Maxaquene. Benfica ya mumzindamo inakhala Costa do Sol. Kwa zaka zingapo osewera sankaloledwa kupita kukasewera kunja, poopa kuti dziko lidzangokhala munda wolimira ena ngati kale. Maganizowo anali omveka, koma anatsekereza m'badwo wonse wa anyamata aluso amene dziko lakunja silinawaone. Khomo linatsegukanso kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene Chiquinho Conde anapita ku Belenenses mu 1987. Pamwamba pa zonsezi panali nkhondo ya zaka 16, imene inatha mu 1992. Misewu inali yoopsa, ndipo m'maboma ngati athu ano mabwalo ambiri anamera tchire anthu atathawira ku Malawi. Mphunzitsi wa mpira m'zaka zimenezo ankagwira ntchito ndi zochepa kwambiri.

Atakula, Coluna anasankhidwa kukhala pulezidenti wa bungwe la mpira, Federação Moçambicana de Futebol, ndipo anakhalapo mpaka 2007. Apa tisakometse nkhani. Zaka zake pa mpando umenewu sizinali za zikho. Timu ya dziko, Mambas, inapita ku chikho cha Africa mu 1986, 1996 ndi 1998, kenako inakhala osapitako mpaka 2010. Nthawi ya utsogoleri wake ili mkati mwa zaka zoumazo. Kuyendetsa ofesi si kuyendetsa pakati pa bwalo. Pa bwalo ukaona mnzako ali poyera umamupatsira, basi. Mu ofesi muli ndalama zosakwana, maulendo a ndege odula m'dziko lalitali ngati lathu, ndi anthu ambiri ofuna mpando womwewo.

Chimene anasiya chogwirika ndi sukulu ya mpira ku Namaacha, kufupi ndi malire a Eswatini, yomangidwa ndi thandizo la FIFA, imene ili ndi dzina lake. Cholinga chake chinali choti ana aluso aziphunzitsidwa mpira kwawo konkuno, asanafike poti atumizidwe kunja. Munthu amene anachoka ali ndi zaka 19, n'kulandira mnzake wa zaka 18 wobwera ndi kalata m'thumba, ankadziwa chimene mwana amasowa akafika kwa eni asanakhwime. Koma Namaacha ili kumapeto kwenikweni kwa dziko, kumwera. Mwana wa ku Chidzolomondo amene amamenya mpira wachikulunga pa bwalo la sukulu madzulo, sukulu imeneyo ili kutali naye ngati Lisboa yomwe. Amene ali naye pafupi ndi mphunzitsi wa pa sukulupo, kapena bambo wina wa m'mudzi amene amagula mpira ndi ndalama yake ya fodya n'kumaimba wezulo Lamlungu masana.

Eusébio anamwalira ku Lisboa pa 5 Janeiro 2014 ali ndi zaka 71. Portugal inalira masiku atatu, ndipo chaka chotsatira mafupa ake anasamutsidwira ku Panteão Nacional, nyumba imene dzikolo limagonekamo anthu ake otchuka. Nthawi imeneyo n'kuti thanzi la Coluna litayamba kale kufooka. Patapita masiku 51, pa 25 Fevereiro 2014, iye anamwalira m'chipatala ku Maputo atadwala matenda a m'mapapo. Anali ndi zaka 78. Anaikidwa m'manda ku Maputo komweko, mumzinda umene anayambira kumenya mpira.